Raphael Lemkin: wothawa nkhondo amene anatchula dzina mlandu wopulula mtundu

Mu 1921, mnyamata wa mtundu wa Armenia, Soghomon Tehlirian, anawombera ndi kupha Talaat Pasha mumzinda wa Berlin. Talaat anali mmodzi mwa atsogoleri a ufumu wa Ottoman amene anakonza zopha anthu a mtunduwu mwaunyinji kuyambira mu 1915. Nkhaniyi inam'sowetsa mtendere Raphael Lemkin, mnyamata wachiyuda wa ku Poland, chifukwa wopha munthu mmodzi anatengeredwa kubwalo la milandu pamene panalibe lamulo lililonse la mayiko loimba mlandu wopha mtundu wathunthu.

Lemkin anabadwa pa 24 June 1900 m'mudzi wa Bezwodne, womwe tsopano uli m'dziko la Belarus. Anaphunzira zamalamulo ku Lwów ndipo anagwira ntchito yoimba anthu milandu ku Warsaw. Mu 1933 anatumiza maganizo ake ku msonkhano wa akatswiri a malamulo ku Madrid, kupempha kuti kuwononga gulu la anthu chifukwa cha mtundu kapena chipembedzo chawo kukhale mlandu m'mayiko onse. Pempho lakelo silinapite patali.

Asilikali a Germany atalowa m'Poland mu 1939, Lemkin anathawa kudzera ku Lithuania mpaka ku Sweden. Kuchokera kumeneko anadutsa Soviet Union ndi Japan, nafika ku America mu 1941, atanyamula zikalata za malamulo amene chipani cha Nazi chinkakhazikitsa m'mayiko omwe chinalanda. Zikalatazo ndizo zinali maziko a buku lake la mu 1944, Axis Rule in Occupied Europe, momwe anapekera liwu loti genocide, kutanthauza kupulula mtundu. Nkhondo itatha anamva kuti abale ake 49, kuphatikizapo makolo ake, anaphedwa.

Chisonicho sichinamufooketse. Ngakhale analibe udindo uliwonse m'boma, ankasakasaka nthumwi za mayiko ku likulu la bungwe la United Nations, kuzilembera makalata ndi kuzichonderera mmodzimmodzi. Pa 9 December 1948, msonkhano waukulu wa bungweli unavomereza pangano loletsa ndi kulanga mchitidwe wopulula mitundu, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1951.

Lemkin anamwalira ali wosauka ku New York pa 28 August 1959, ndipo anthu ochepa okha ndiwo anafika pamaliro ake. Dziko la America, limene linamulandira, linadikira mpaka 1988 kuti livomereze panganolo. Mu 1994 mayiko anangoyang'ana pamene Atutsi ankaphedwa ku Rwanda, chaka chomwecho msasa wa Dzaleka unatsegulidwa ku Dowa. Mu 1998, bwalo la milandu la ku Arusha linapeza Jean-Paul Akayesu wolakwa pa mlandu wopulula mtundu, ndipo aka kanali koyamba kuti bwalo la mayiko ligamule mlandu wotere, patapita zaka 39 Lemkin atamwalira.