MBUSA T.C.B. VLOK

Mbusa Vlok anafika ku Malaŵi m'chaka cha 1889, nathandizana ndi Mbusa A.C. Murray kukhazikitsa Misyoni ya Mvera. Mu 1896 anayamba ntchito pa Nkhoma. Koma mu 1912 anasiya zonse adazimangazo, napita ku Salisbury, ndiye Harare lero, kutsata Amalaŵi ogwira ntchito m'migodi ndi m'mapulazi, amene anali ngati nkhosa zopanda mbusa. Alendoŵa analibe kanthu kombwezera, ngakhale ulemu womkweza pamaso pa anthu. Komabe anaŵatumikira zaka zoposa 20. Chitsanzo chake chifunsabe aliyense wothandiza osauka, kufikira ku minda ya tiyi ya ku Chipinge ndi Honde: kodi apatsa chifukwa cha Khristu, kapena kuti atamandidwe?