Paul de Vivie

Paul de Vivie (1853 – 1930), yemwe ankadziwika kwambiri ndi dzina lolembera loti Vélocio, anali wopalasa njinga, wopanga njinga komanso mkonzi wa magazini wa ku France. Amakumbukiridwa pa zinthu ziwiri: kulimbikitsa kuti njinga zikhale ndi magiya osinthasintha, ndi kukhazikitsa mfundo zisanu ndi ziwiri zothandiza munthu kupalasa mtunda wautali popanda kudzipweteka. Kwa zaka zoposa 40 anasindikiza magazini ya Le Cycliste mumzinda wa Saint-Étienne. Ku France amatengedwa kuti ndiye tate wa maulendo ataliatali a panjinga.

Ubwana ndi ntchito yoyamba

De Vivie anabadwa pa 29 Epulo 1853 m'tauni ya Pernes-les-Fontaines, m'chigawo cha Vaucluse kum'mwera kwa France. Anaphunzira sukulu kufupi ndi mzinda wa Lyon, ndipo chikondi chake pa Chilatini ndi mabuku akale sichinathe mpaka ukalamba. Atamaliza sukulu analowa malonda a nsalu za silika, ntchito imene inamufikitsa ku Saint-Étienne, mzinda wa mafakitale wozunguliridwa ndi mapiri.

Njinga yake yoyamba anaigula mu 1881, ali ndi zaka 28. Inali ya mtundu wakale, ya gudumu lalikulu kutsogolo ndi kagudumu kakang'ono kumbuyo, yopanda tcheni, mapedulo ake ali pagudumu lakutsogololo. Posakhalitsa iye ndi anzake anayambitsa kalabu ya opalasa njinga mumzindawo ndipo anakhala mlembi wake. Zimanenedwa kuti mnzake wina anamutokosa kuti sangathe kupalasa makilomita 100 m'maola asanu ndi limodzi. Mtundawu ndi woposa wochoka ku Balaka kudzera pa Liwonde mpaka ku Zomba. De Vivie anavomera, nalowera kumapiri a ku La Chaise-Dieu, ndipo ulendowo ndiwo unamupatsa chilakolako choyenda kutali.

Sitolo ya njinga ndi magazini

Ntchito ya silika inkamutengera ku England, komwe anaona njinga zabwino zopangidwa mumzinda wa Coventry, nalowanso bungwe la kumeneko la oyenda maulendo panjinga lotchedwa Cyclists' Touring Club. Mu 1887 anasiya malonda a silika, natsegula sitolo yoitanitsa njinga kuchokera ku Coventry. Chaka chomwecho anayambitsa magazini ya Le Cycliste Forézien, yomwe chaka chotsatira inasintha dzina n'kukhala Le Cycliste. Nkhani zake ankazisayina ndi dzina loti Vélocio.

Mu 1889 anayamba kupanga njinga yakeyake yotchedwa La Gauloise. Inali ndi magudumu ofanana, felemu yooneka ngati ya njinga za masiku ano ndi tcheni, koma giya inali imodzi yokha. M'zaka zomwezo anafalitsa mawu a Chifulenchi oti cyclotourisme, otanthauza kuyenda panjinga pofuna kuona dziko osati kupikisana, ndipo analemba nkhani zopempha kuti France ikhale ndi bungwe lofanana ndi la ku England. Bungwe la Touring Club de France linakhazikitsidwa mu 1890.

Nkhondo ya magiya

Kum'mwera chakum'mawa kwa Saint-Étienne kuli chikweza chachitali chotchedwa Col de la République, chomwe nsonga yake ili pa mamita 1,161 kuchokera pamwamba pa nyanja. Nkhani yotchuka imati tsiku lina de Vivie akuvutika pachikwezachi, mmodzi mwa owerenga magazini yake anamupitirira akusuta kaliwo, chifukwa njinga yake inali ndi giya yopepuka. De Vivie anaona vuto lake: giya yopepuka imathandiza pokwera koma imachedwetsa pamalo athyathyathya, pomwe giya yolemera imathamanga pathyathyathya koma imathyola miyendo pachikweza. Yankho linali lakuti njinga imodzi ikhale ndi magiya angapo.

Giya ya njinga imadalira magudumu awiri a mano olumikizidwa ndi tcheni. Ngati lakutsogolo lili ndi mano 48 ndipo lakumbuyo lili ndi 16, tayala limazungulira katatu mapedulo akazungulira kamodzi. Tcheni chikasunthidwira pa gudumu la mano 24, tayala limazungulira kawiri kokha. Njinga imayenda pang'onopang'ono, koma mwendo sulemedwa, ndipo munthu amakwera phiri ali pachishalo m'malo motsika n'kumakankha.

De Vivie anayesa njira zambiri. Anapanga njinga ya matcheni awiri, china kumanja china kumanzere. Anayesa tcheni chosuntha ndi dzanja kuchoka pa gudumu lina kupita pa linzake. Anaphunziranso kuchokera ku zipangizo za ku England, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anali akugwiritsa ntchito derailleur, kachipangizo kamene kamasuntha tcheni njinga ikuyenda. Sanatulukire derailleur yekha, popeza anthu angapo ku England ndi ku France ankayesa nzeru yomweyo, koma ndiye anaiyesa kwambiri m'mapiri ndi kuilengeza mosatopa m'magazini yake. Sanalembetse nzeru zakezo kuboma kuti zikhale zake, choncho sanalemere nazo. Mnzake wina wa ku Saint-Étienne, Joanny Panel, ndiye anadzagulitsa njinga zambiri za magiya pansi pa dzina loti Le Chemineau.

Womutsutsa wamkulu anali Henri Desgrange, mkonzi wa nyuzipepala ya L'Auto yemwenso anayambitsa mpikisano wa Tour de France mu 1903. Desgrange ankakhulupirira kuti katswiri ayenera kupambana ndi mphamvu za miyendo yake basi, ndipo magiya ankawaona ngati chinthu cha anthu amene ayamba kukula. Awiriwa anatsutsana m'manyuzipepala kwa zaka zambiri. Oyenda maulendo anatsatira de Vivie msanga, koma akatswiri a Tour de France analoledwa onse kugwiritsa ntchito derailleur mu 1937, patapita zaka zisanu ndi ziwiri iye atamwalira.

Maulendo ake ndi gulu la ku Saint-Étienne

De Vivie sankapikisana nawo m'mijaha. Chidwi chake chinali pa funso lakuti munthu wamba, wa ntchito yake, angafike pati pa njinga ngati akonzekera bwino. Iye ndi omutsatira, omwe ankatchedwa École stéphanoise, kutanthauza sukulu ya ku Saint-Étienne, ankachita maulendo a makilomita mazana angapo, ena otenga maola 40, akupalasa usana ndi usiku. Ankakwera mapiri a Alps, ndipo nyengo ya Pasaka ankatsikira kum'mwera, ku Provence komwe iye anabadwira.

Ulendo uliwonse unali ngati mayeso. Akabwerako ankalemba zomwe wadya, nthawi yomwe wapuma, giya yomwe wagwiritsa ntchito ndi mmene thupi lamvera, ndipo owerenga ankamuyankha ndi zomwe nawonso apeza. Iye sankadya nyama. Ankakondanso njinga za magudumu ang'onoang'ono ndi matayala onenepa, poona kuti m'misewu ya mabampu tayala lofewa limasunga mphamvu za wopalasa. Anapitiriza maulendo aatali ngakhale atapitirira zaka 70.

Mfundo zisanu ndi ziwiri

Zomwe anaphunzira pamsewu anaziika m'mfundo zisanu ndi ziwiri, zomwe opalasa njinga amazitcha malamulo a Vélocio.

Yoyamba ndi yokhudza kupuma. Wopalasa aziima mwa apo ndi apo ndiponso kwa kanthawi kochepa, chifukwa akakhalitsa minofu imazizira ndipo kuyambanso kumavuta.

Yachiwiri ndi ya chakudya. Azidya pang'ono koma pafupipafupi, osadikira njala, ndipo azimwa madzi ludzu lisanamupeze. Masiku ano zimadziwika kuti shuga yemwe thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi angathe kutha m'maola awiri okha munthu akamapalasa mwamphamvu. Akatha, miyendo imafooka mwadzidzidzi ndipo mutu umachita chizungulire.

Yachitatu imachenjeza za kutopa kopitirira muyeso. Munthu akafika poti chakudya sichikulowa ndipo tulo sitikubwera, ndiye kuti wapyola malire ndipo tsiku lotsatira sadzayenda bwino.

Yachinayi ndi ya zovala. Awonjezere chovala asanayambe kunjenjemera, achepetse asanayambe kuwawuka ndi kutentha, ndipo asaope mphepo, dzuwa kapena mvula.

Yachisanu imati paulendo asiye mowa, fodya ndi nyama. Akatswiri a zakudya a masiku ano saletsa nyama kwa othamanga, koma pa mowa ndi fodya amagwirizana naye.

Yachisanu ndi chimodzi ndi ya liwiro. Asadzikakamize, makamaka m'maola oyamba pomwe thupi limanyenga munthu kuti ali ndi mphamvu zosatha. Amene wayamba mothamanga amalipira madzulo.

Yachisanu ndi chiwiri imaletsa kupalasa modzionetsera. Kuthamangitsana ndi aliyense amene wakupitirira pamsewu kumatha mphamvu zomwe zimafunika kutsogolo.

Mfundo zonsezi zikugona pa ganizo lomwelo limene linamuchititsa kumenyera magiya: mtunda wautali sutha ndi nyonga zokha, koma ndi kusamala mphamvu zomwe munthu ali nazo. Mmenemo ndi mmene amakonzekerabe opalasa maulendo aatali. Amawonjezera mtunda pang'onopang'ono sabata ndi sabata, gawo lalikulu la maulendo awo amayenda pa liwiro loti angathe kucheza ndi mnzawo, amasiya masiku opuma, ndipo chakudya cha paulendo waukulu amayamba achiyesa pa maulendo aafupi.

Imfa

Pa 27 Febuluwale 1930, de Vivie akuwoloka msewu ku Saint-Étienne akukankha njinga yake, anawombedwa ndi tramu, sitima yaing'ono yamagetsi yoyenda m'misewu ya mumzinda. Anamwalira ndi mabala a ngoziyo ali ndi zaka 76, ndipo anaikidwa m'manda a Loyasse ku Lyon. Magazini ya Le Cycliste inapitirira kutuluka kwa zaka zambiri iye atapita.

Chikumbutso

Pansonga pa Col de la République pali chipilala chomukumbukira. Mwambo wokwera chikwezachi wotchedwa Journée Vélocio unayamba mu 1922, iye akadali moyo. Msonkhano wa pa Pasaka ku Provence, womwe iye anauyambitsa, nawonso unakhazikika. Mu 1947 kalabu ya Audax Club Parisien inayambitsa ulendo wa Flèche Vélocio, momwe timagulu ta opalasa timayenda makilomita osachepera 360 m'maola 24 kulowera kumsonkhanowo. Mtunda umenewu ndi woposa wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe kudzera pa Zalewa. Kalabu yomweyi imavomereza maulendo a makilomita 200, 300, 400 ndi 600 m'mayiko ambiri, omwe munthu ayenera kumaliza asanaloledwe kulowa ulendo wa Paris–Brest–Paris wa makilomita 1,200. M'maulendo amenewa chofunika si kufika poyamba, koma kumaliza nthawi yoikika isanathe.

Ngakhale mfundo zake zinachokera m'mapiri a ku France, zimagwira ntchito kulikonse komwe njinga imayenda kutali. M'maboma a Balaka ndi Machinga ku Malawi, njinga ndi chida cha ntchito kwa akabaza ndi onyamula katundu, ndipo zambiri n'za giya imodzi ngati La Gauloise yoyamba ija. Pachikweza cha msewu wochoka ku Liwonde kulowera ku Zomba, wopalasa njinga yotere amakumana ndi vuto lomwe de Vivie anakumana nalo pa Col de la République. M'kutentha kwa Okutobala m'mbali mwa mtsinje wa Shire, mfundo yakumwa madzi ludzu lisanafike ndi yosayamba ulendo mothamanga imakhudza wonyamula thumba la chimanga chimodzimodzi ndi wokonzekera mpikisano.