Joseph Petzval ndi Galasi la Kamera

Wogulitsa kamera aliyense amatama galasi lake kuti limaona ngati diso la nkhwazi. Mkangano wa momwe tingatsimikizire mawu otere unayamba pamodzi ndi ntchito yojambula zithunzi, ndipo pakati pake panali mphunzitsi wa masamu, Joseph Petzval.

Petzval anabadwa m'chaka cha 1807 ku Spišská Belá, tauni imene panthawiyo inali mu ufumu wa Hungary koma lero ili m'dziko la Slovakia. Anaphunzira uinjiniya ku Pest, ndipo mu 1837 anayamba kuphunzitsa masamu pa yunivesite ya Vienna.

Mu 1839 anthu anamva za njira yojambulira zithunzi ya Louis Daguerre wa ku France. Vuto linali pa galasi la kamera yake, lopangidwa ndi Charles Chevalier, chifukwa linkalowetsa kuwala kochepa kwambiri. Wojambulidwa anayenera kukhala duu padzuwa kwa mphindi zambirimbiri, osagwedeza mutu. Masiku amenewo amisiri ankangopera galasi, kuliyesa, kuliperanso, mpaka mwayi utawagwera. Petzval sanafune zoyerekeza. Anaganiza zoyamba wawerengera papepala njira imene kuwala kumadzera m'galasi, galasilo lisanapangidwe nkomwe. Masamuwo anali ochuluka zedi kotero kuti Archduke Louis anamubwereka asilikali a mizinga odziwa kuwerengera kuti amuthandize. Ana asukulu amene amafunsa kuti masamu adzawathandiza chiyani aimvetse bwino nkhani iyi.

Ntchitoyo inatha mu 1840. Galasi latsopanolo, lomwe kwenikweni linali magalasi anayi olumikizidwa m'magulu awiri, linkalowetsa kuwala kochuluka koposa kakhumi poyerekeza ndi la Chevalier, ndipo nkhope ya munthu inayamba kujambulika mphindi imodzi isanathe. Amene analipanga ndi kuligulitsa anali Voigtländer wa ku Vienna komweko.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukomera. Mu 1842 bungwe lina lolimbikitsa ntchito zaluso ku Paris linaweruza mpikisano wa magalasi a kamera. Mendulo yapamwamba inapita kwa Chevalier, ndipo galasi la Petzval linangolandira yasiliva. Koma ojambula zithunzi, amene chakudya chawo chinkachokera m'ntchitoyo, sanasamale za mendulo. Anayang'ana zithunzi zenizenizo naona kuti pa galasi la Petzval maso, nsidze ndi tsitsi zinkaoneka bwino lomwe, ndipo kwa zaka makumi angapo ndilo linalamulira m'nyumba zojambulira.

Komabe nalonso linali ndi chilema chimene wotsatsa malonda sakanathamangira kuchitchula. Linkaonetsa bwino pakati pa chithunzi pokha, chakumphepete zinthu zinkachita mbuu. Chifukwa chake n'chakuti galasi limasonkhanitsa kuwala pamalo opindika ngati mbale, pomwe chinthu cholandira chithunzicho chimakhala chafulati. Pojambula nkhope zimenezi zinalibe kanthu, mwina zinkakongoletsa kumene. Pojambula nyumba kapena mapiri linali vuto lenileni. N'chifukwa chake mpaka lero woyesa galasi wodziwa ntchito yake amayang'ana pakati ndi m'makona momwe, ndipo amayesa khomo la kuwala lili lotsekula kwambiri komanso litachepetsedwa. Petzval mwini wake anafotokoza kupindikaku mwa masamu, ndipo akatswiri amakutchulabe ndi dzina lake.

Chuma cha galasilo sichinamufike. Anakangana ndi Voigtländer pa nkhani ya malipiro, ndipo Voigtländer anatsegula fakitale ina ku Braunschweig, m'dziko la Germany, kumene anapitiriza kupanga magalasiwo zikwizikwi. Mu 1859 akuba anathyola nyumba ya Petzval nawononga zolemba zake za sayansi ya kuwala, ntchito ya zaka zambiri, ndipo buku lalikulu limene ankakonza silinatuluke. Anapuma pantchito mu 1877, namwalira ku Vienna mu 1891, ali wosauka, anthu ambiri atamuiwala.