Rattray: kalaliki wa ku Mandala amene anasunga nthano zathu

M'midzi ya ku Neno, kuyambira kumapiri a kwa Dambe mpaka kuchigwa cha Lisungwi, agogo akanena kuti padangokhala, adzukulu amadziwa kuti yankho lake ndi tili tonse. Koma ambiri mwa ana obadwira m'tauni sanakhalepo pamoto wotere. Nthano zimafa mwakachetechete wozifotokoza akamwalira, ndipo n'chifukwa chake tiyenera kumudziwa Robert Sutherland Rattray, mmodzi mwa anthu oyamba kusindikiza nthano zathu m'chiyankhulo chathu chomwe.

Rattray anabadwira ku India mu 1881 kwa makolo ochokera ku Scotland. Adakali mnyamata anamenya nawo nkhondo ya Mabunu ku South Africa, ndipo nkhondo itatha mu 1902 analowa ntchito ku kampani ya African Lakes Corporation, imene makolo athu ankaitcha Mandala. Ntchito yake inali ya malonda, koma khutu lake linali pa zoyankhula za anthu. Anaphunzira Chinyanja pakati pa anthu a m'chigawo chapakati, dera limene atsamunda ankalitcha Central Angoniland.

Mu 1907, ali ndi zaka 26 zokha, anatulutsa ku London buku lotchedwa Some Folk-lore Stories and Songs in Chinyanja. Mawu oyamba analemba ndi m'busa Alexander Hetherwick wa ku Blantyre Mission. Bukuli lili m'zigawo zitatu: mawu a Chinyanja, kumasulira kwake m'Chingerezi, ndi ndemanga. Muli nthano, nyimbo ndi miyambo monga ya mwavi ndi maliro. Cholinga china chinali kuthandiza azungu ophunzira chiyankhulo, koma phindu lalikulu latsalira ife, pakuti tikumva mmene makolo ankayankhulira zaka zoposa 100 zapitazo.

Imodzi mwa nthanozo ndi ya Kachirambe. Mayi wina, atapalamula kwa fisi, anadziwombola polonjeza kuti adzapereka mwana amene anali m'mimba mwake. Mwanayo atabadwa, mayiyo anayesa njira zosiyanasiyana zomuperekera kwa fisi, koma Kachirambe ankazindikira msampha uliwonse n'kupulumuka. Nthanoyi sinyengerera. Choopsa chenicheni mmenemo si fisi, koma mantha amene amachititsa munthu kugulitsa magazi ake. Aliyense amene anaonapo abale akulandana munda wa ana amasiye amamudziwa mayi ameneyu.

Atachoka kuno, Rattray anapita ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, kukagwira ntchito m'boma la atsamunda. Anaphunzira Chihausa ndi Chitwi, natulutsa buku la nthano za Ahausa mu 1913 ndi la miyambi ya Aashanti mu 1916. Mu 1921 boma linamuika kukhala mkulu wa nthambi yatsopano yofufuza za chikhalidwe cha Aashanti. Iye anathandiza akuluakulu a boma kumvetsa kuti Mpando wa Golide wa anthuwa si chokhalira cha mfumu, koma chosungira mzimu wa mtundu wonse. Kusadziwa zimenezi n'kumene kunabutsa nkhondo mu 1900, pamene bwanamkubwa Frederick Hodgson anafuna kuukhalira.

Ndi m'buku lake la mu 1930, Akan-Ashanti Folk-Tales, mmene anafotokozamo mfundo imene imakhudza nthano za kulikonse. Anaona kuti nthawi ya nthano, usiku, inali mpata umene munthu wamba ankaloledwa kudzudzula ndi kuseka anthu amphamvu popanda mlandu. Wofotokoza ankabisa anthu m'maina a nyama. Motero kangaude Ananse wa Aashanti, ngati kalulu wathu, ndi munthu wochenjera. Fisi ndi mnansi wadyera. Njovu ndi mkulu amene amadalira thupi kuposa nzeru.

Khalidweli si la ku Africa kokha. Ku Japan, m'zaka za m'ma 1100, kunasonkhanitsidwa nthano zoposa 1,000 m'buku lotchedwa Konjaku Monogatari. Mmenemo muli ansembe aumbombo, akuba, akazi ochenjera ndi nkhandwe zosanduka anthu. Wolemba wotchuka Akutagawa Ryunosuke anatapa mmenemo nkhani yake ya Rashomon mu 1915, yosonyeza mmene njala imasandutsira munthu wabwino kukhala mbala. Amenewa ndi mantha omwe aja a mayi wa Kachirambe, atangovala zovala zina.

Tisaiwale kuti Rattray anali wantchito wa atsamunda, ndipo nzeru zimene ankasonkhanitsa zinkathandiza olamulira kugwira bwino dziko la eni. Dzina limene lili pachikuto ndi lake, pamene eni nthanozo anali anthu a m'midzi amene anamuphunzitsa. Komabe analemba m'ziyankhulo za eni ake, ndipo chifukwa cha ichi mawuwo akadalipo.

Anapuma pantchito mu 1930. Ankakonda kuuluka, ndipo mu May 1938 anamwalira pangozi ya ndege yopanda injini pafupi ndi Oxford, ali ndi zaka 56.

Iye ankalemba nthano ndi cholembera ndi pepala. Ife tili ndi mafoni otha kujambula mawu, ndipo agogo ena akadali moyo kumudzi. Ulendo ukubwerawu wa ku Neno kapena kwina kulikonse kwanu, khalani nawo pamoto madzulo amodzi.