Du Chisiza, Katswiri wa Zisudzo

Ndifuna kukukumbutsani za a Dunduzu Chisiza Junior, amene ambiri ankangowatcha Du. Anabadwa m'chaka cha 1963, atate awo atamwalira kale pa ngozi ya galimoto ku Thondwe mu 1962. Ali mwana wa sukulu monga ife, pa HHI ku Blantyre, analemba sewero lotchedwa The Deceased's Attack, ndipo linapambana mpikisano wa masukulu. Mu 1987 anayambitsa gulu la Wakhumbata.

Masiku amenewo sewero lililonse linkayamba launikidwa ndi boma lisanaonetsedwe. Chotero a Du ankabisa chidzudzulo chawo m'mafanizo, monga mu Papa's Empire, ndipo oonera ankatola okha tanthauzo. Koma mu 1993 analandira unduna m'boma la Kamuzu, ndipo ena amene ankawaombera m'manja anakhumudwa. Anamwalira mu 1999, ali ndi zaka 35.

Ine ndiganiza kuti wosewera ayenera kunena zoona za dziko lake pabwalo mopanda mantha. Koma akavala nsalu ya chipani, anthu amayamba kukayika mawu ake. Ife ochita zisudzo kuno ku Dedza tilingalire bwino zimenezi.