Pierre Levegh: dalaivala yemwe imfa yake idasuntha mipando ya oonerera

Munthu wogula tikiti yokaonera mpikisano wa liwiro la galimoto lero, kaya ndi ku Silverstone m'dziko la Britain, ku Monza ku Italy kapena ku Kyalami ku South Africa, amapeza kuti ngakhale mpando wodula kwambiri uli chapatali ndi msewu. Pakati pa iye ndi galimotozo pamakhala khoma la konkire ndi mpanda wautali wa waya, ndipo pamakona ena pamakhala malo aakulu amiyala kapena phula pomwe galimoto yophonya msewu imakathera liwiro. Okonda masewerowa ena amadandaula kuti mawayawo amatchinga maso. Koma kutalikira kumeneku kuli ndi mbiri yake, ndipo gawo lalikulu la mbiriyo lidalembedwa pa 11 Juni 1955 mumzinda wa Le Mans ku France, tsiku lomwe Pierre Levegh adamwalira pamodzi ndi anthu oposa 80 omwe adabwera kudzamuonerera.

Levegh adabadwira ku Paris pa 22 Disembala 1905 ndipo dzina lake lenileni lidali Pierre Eugène Alfred Bouillin. Dzina loti Levegh adalitenga kwa mbale wa makolo ake, Alfred Velghe, mmodzi mwa anthu oyambirira kupikisana pa galimoto ku France, yemwe adasanduliza zilembo za dzina lake n'kumadzitcha Levegh. Velghe adapambana mpikisano wochoka ku Paris kupita ku Toulouse n'kubwereranso mu 1900, pa galimoto ya Mors, ndipo adamwalira mu 1904. Mnyamata Pierre sadamuonepo ndi maso, koma atayamba kupikisana adasankha kuti azidziwika ndi dzina lomwelo.

Adali munthu wamasewero osiyanasiyana. Ankadziwa tenesi komanso ankasewera hoke ya pamadzi oundana. Komabe mtima wake udali pa mpikisano umodzi, wa maola 24 wa ku Le Mans, womwe bungwe la Automobile Club de l'Ouest lidauyambitsa mu 1923. Pa mpikisanowu galimoto zimayenda usana ndi usiku osalekeza, madalaivala akusinthana, ndipo yomwe yayenda mtunda wautali koposa zonse pakutha pa maolawo ndiyo imapambana. Levegh adapikisanako koyamba mu 1938 pa galimoto ya Talbot koma sadamalize. Kenaka Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse idaimitsa mpikisanowu kwa zaka zingapo, ndipo pomwe unkayambiranso mu 1949 iye adali atapitirira zaka 40.

Mu 1950 ndi 1951 adalowa m'mipikisano isanu ndi umodzi ya Formula One pa galimoto ya Talbot-Lago. Sadapeze pointi iliyonse, ndipo pomwe adachita bwino kwambiri adamaliza pa nambala 7 ku Belgium. Ku Le Mans ndi komwe luso lake linkaoneka, moti mu 1951 adamaliza pa nambala 4.

Chaka chomwe chidam'tchukitsa ndi 1952. Levegh adakwera Talbot-Lago yake 4 koloko masana Loweruka ndipo adakana kum'patsa chiwongolero mnzake René Marchand. Adayendetsa yekha usiku wonse mpaka kutacha, n'kupitirira mpaka masana a Lamulungu. Atayenda maola pafupifupi 23 adali patsogolo pa onse, atazisiya kutali galimoto za Mercedes-Benz, ndipo khamu la Afalansa linkayembekeza kuti mwana wawo apambana pa galimoto yopangidwa kwawo. Kutatsala pafupifupi ola limodzi, injini idawonongeka. Chikho chidapita kwa Hermann Lang ndi Fritz Riess a Mercedes. Anthu ena adati kutopa ndiko kudam'chititsa kulowetsa giya yolakwika, pomwe ena adati iye adamva kale kuti injini ili ndi vuto ndipo ankaopa kuti mnzakeyo saisamala. Pambuyo pake okonza mpikisanowu adakhazikitsa malire a nthawi yomwe dalaivala mmodzi angayendetse.

Mkulu wa timu ya Mercedes, Alfred Neubauer, sadaiwale zomwe adaona tsikulo. Mu 1955 adam'patsa Levegh malo m'timu yake, chinthu chomwe chidalinso ndi tanthauzo pa ubale wa maiko awiriwa popeza padali patangopita zaka khumi chithereni nkhondo pakati pa France ndi Germany. Levegh, ali ndi zaka 49, adapatsidwa galimoto ya 300 SLR ya nambala 20 kuti azisinthana ndi John Fitch wa ku America. M'timu yomweyo mudali Juan Manuel Fangio wa ku Argentina ndi Stirling Moss wa ku Britain. Uwu udali mwayi womwe adaudikira moyo wake wonse.

Kuti munthu amvetse zomwe zidachitika, ayenera kudziwa mmene bwalolo lidaliri. Msewu wa mpikisanowu udali wotalika makilomita pafupifupi 13.5, ndipo mbali yake yaikulu idali misewu wamba yomwe ankaitseka pa masiku a mpikisano. Pomwe unkayamba mu 1923 galimoto zinkathamanga makilomita pafupifupi 100 pa ola, koma pofika 1955 zothamanga kwambiri zinkapitirira makilomita 270 pa ola. Chigawo choyambira ndi kuthera mpikisano chidali chisadasinthe kwenikweni. Kudzanja lamanja kudali malo omwe galimoto zimaima pothira mafuta ndi kusintha matayala, popanda khoma lowalekanitsa ndi msewu. Kumanzere kudali masitandi akuluakulu, ndipo kutsogolo kwake kudali bwalo la anthu oimirira, lotchingidwa ndi mulu wa dothi wosapitirira kwenikweni mita imodzi.

Malo amenewa ndiwo ankakanganiridwa. Wokhala pamenepo ankaona madalaivala akuthamanga wapansi kudutsa msewu kukakwera galimoto zawo poyambira, ankaona amakanika akugwira ntchito, ndipo ankayembekeza kudzaona wopambana akudutsa pamzere womaliza. Anthu adathithikana mpaka ena kukwera pamatebulo, pamipando ndi pamakwerero kuti aone bwino.

Kuyambira 4 koloko masana, Fangio ndi Mike Hawthorn wa timu ya Jaguar ankapikisana ngati kuti mpikisanowo utha m'maola awiri. Nthawi itakwana 6:26 madzulo, Hawthorn adadutsa Levegh, kenaka adadutsa Lance Macklin yemwe ankayendetsa galimoto yocheperako mphamvu ya Austin-Healey, ndipo nthawi yomweyo adaponda mabuleki kuti akaime pothira mafuta. Jaguar idali ndi mabuleki a disiki omwe ankagwira msanga kuposa a galimoto zambiri za nthawiyo. Macklin adakhotera kumanzere pomuzemba ndipo adalowa m'njira ya Levegh, yemwe ankabwera pa liwiro la makilomita oposa 200 pa ola. Msewu udali wopapatiza, kothawira kudalibe.

Mercedes idakwera kumbuyo kwa Austin-Healey n'kuuluka, idakagwera pa mulu wa dothi uja ndi kuphwasuka. Injini, boneti ndi zitsulo zogwira matayala akutsogolo zidadutsa m'kati mwa khamulo. Levegh adaponyedwa kunja ndipo adafera pomwepo. Thupi la galimotoyo lidapangidwa ndi chitsulo chopepuka chosakaniza ndi maginiziyamu, chomwe chikayaka madzi amangokolezera, choncho ozimitsa moto atathirapo madzi malawi adakula. Anthu oposa 80 adafa ndipo oposa 100 adavulala. Mpaka lero palibe ngozi ya mpikisano wa galimoto yomwe idaphapo anthu ochuluka chotero. Fangio, yemwe adali kumbuyo kwenikweni, adapulumuka, ndipo pambuyo pake ankafotokoza kuti Levegh adakweza dzanja kumuchenjeza asadagunde.

Mpikisano sudaime. Woyang'anira wake, Charles Faroux, adaganiza kuti khamu lonse likanyamuka nthawi imodzi lidzatseka misewu ya maambulansi. Pakati pa usiku akuluakulu a Mercedes ku Stuttgart adalamula kuti galimoto zawo ziwiri zotsala zichoke, ngakhale ya Fangio ndi Moss idali patsogolo. Hawthorn ndi mnzake Ivor Bueb adapambana tsiku lotsatira.

Kulozana chala kudayamba maliro asadathe. Ena adadzudzula Hawthorn, ena Macklin, ndipo ena adati Levegh adali wamkulu msinkhu moti sakadatha kuyendetsa galimoto yamphamvu chotero. Wakufa sakadadziyankhira. Kafukufuku wa boma la France adapeza kuti palibe dalaivala aliyense woyenera kuimbidwa mlandu, ndipo vuto lalikulu lidaoneka kuti lidali bwalo lenilenilo, lomwe lidaika anthu pafupi ndi galimoto zothamanga mowirikiza kangapo kuposa zomwe lidakonzedwera.

Zotsatira zake zidafika kutali. Mipikisano ya Grand Prix ya chaka chimenecho ku France, Germany, Switzerland ndi Spain idalephereka. Dziko la Switzerland lidaletsa mipikisano yozungulira bwalo, ndipo padapita zaka zoposa 60 mpaka pomwe galimoto zamagetsi zidapikisana mumzinda wa Zürich mu 2018. Mercedes idasiya mipikisano kumapeto kwa 1955 ndipo idadzapambananso ku Le Mans mu 1989 mogwirizana ndi timu ya Sauber. Ku Le Mans komweko adagwetsa masitandi ndi malo othirira mafuta n'kumanganso, adakulitsa msewu ndi kusunthira oonerera kumbuyo, moti mpikisano wa 1956 udachedwa mpaka kumapeto kwa Julaye. John Fitch, yemwe ankadikira kuti alandire chiwongolero kwa Levegh madzulo amenewo, adathera zaka zambiri pa ntchito yoteteza anthu pamsewu, ndipo ndiye adatulukira migolo yodzaza mchenga yomwe imaikidwa pamalo oopsa m'misewu ikuluikulu ya ku America.

Kusinthaku sikudathe m'chaka chimodzi. Mu 1961 ku Monza, galimoto ya Wolfgang von Trips idapha oonerera 15 omwe adaima m'mbali mwa msewu, iyenso n'kufera pomwepo. Makoma ndi mipanda yomwe ilipo lero idabwera pang'onopang'ono, kawirikawiri pambuyo pa maliro.

Masiku ano munthu wosankha mpando amalingalira zina. Wofuna kuona chiyambi cha mpikisano ndi ntchito ya amakanika amakhala pa sitandi yoyang'anana ndi malo othirira mafuta, ngakhale galimoto zimangodutsa pamenepo m'kuphethira kwa diso. Wofuna kuona madalaivala akupitirirana amasankha pakona yomwe ili kumapeto kwa msewu wowongoka, pomwe onse amaponda mabuleki. Odziwa amakonda mizere yapamwamba chifukwa maso amadutsa pamwamba pa waya. Funso loti kodi abwerako ndi moyo silikhalanso loyamba m'maganizo mwawo.

Levegh sadapambanepo mpikisano womwe adaukonda koposa. Adaikidwa m'manda a Père Lachaise ku Paris, mzinda womwe adabadwira.