Heinrich Hertz

Heinrich Rudolf Hertz (22 February 1857 – 1 January 1894) anali katswiri wa sayansi ya fizikisi wa ku Germany. Iye ndi amene anayamba kutsimikizira poyesa kuti mafunde a magetsi ndi maginito alipodi, monga momwe James Clerk Maxwell ananenera kudzera m'masamu.

Ubwana ndi maphunziro

Hertz anabadwira ku Hamburg, ndipo bambo ake anali loya. Anayamba kuphunzira za uinjiniya, koma kenako anasankha sayansi. Ku Berlin anaphunzitsidwa ndi Hermann von Helmholtz ndi Gustav Kirchhoff, ndipo analandira digiri ya udokotala mu 1880. Anakaphunzitsa ku Kiel mu 1883, ku Karlsruhe mu 1885, kenako ku Bonn mu 1889.

Kafukufuku wake

Ali ku Karlsruhe, Hertz anapanga chipangizo chothethetsa moto wa magetsi pakati pa timipira tiwiri tachitsulo. Chapatali anaika waya wopinda ngati mphete, wokhala ndi kampata kakang'ono. Moto ukathetheka pachipangizocho, kamoto kena kankaonekanso pakampatako, ngakhale panalibe waya wolumikiza ziwirizo. Iye anayeza kutalika kwa mafundewo, n'kuonetsa kuti amabwerera akagunda chitsulo ndiponso amakhota akalowa m'chinthu china, monga kumachitira kuwala. Apa zinadziwika kuti kuwala ndi mafunde a wailesi n'zamtundu umodzi. Zimangosiyana kuchuluka kwa maulendo amene zimagwedezeka pa sekondi.

Mu 1887 anaonanso kuti kamotoko kamathetheka mosavuta kakawalitsidwa ndi cheza cha ultraviolet. Pambuyo pake zinadziwika kuti chezacho chimatulutsa ma elekitironi m'chitsulo, ndipo Albert Einstein anafotokoza chifukwa chake mu 1905.

Banja ndi imfa

Hertz anakwatira Elisabeth Doll mu 1886, ndipo anabereka ana aakazi awiri, Johanna ndi Mathilde. Atadwala kwa nthawi yaitali, anamwalira ku Bonn ali ndi zaka 36 zokha. Mu ulamuliro wa Nazi, mkazi wake ndi anawo anasamukira ku England chifukwa makolo a kuchimuna a Hertz anali Ayuda.

Chikumbutso

Muyeso wa hertz (Hz), wotanthauza kugwedezeka kamodzi pa sekondi, unatchedwa dzina lake mu 1930, ndipo unalowa m'miyeso ya padziko lonse mu 1960. Mawailesi a FM amaulutsa mawu pakati pa 88 ndi 108 MHz. Kuyambira 1967, sekondi yeniyeniyo imayezedwa ndi mafunde a microwave a atomu ya caesium-133, amene amagwedezeka maulendo 9,192,631,770 pa sekondi.